Madzi a m'mimba mwa chombo: mbiri ya kukapa, kupopa ndi kuwerengera

Palibe chombo choyenda pamadzi chimene m'kati mwake mumauma kotheratu. Madzi amalowera m'ming'alu ya mtengo, molumikizira matabwa, m'mabowo a misomali, pamene tsigiro kapena chitsulo chozunguza pulopela chadutsa m'thupi la chombo, ndiponso kuchokera kumwamba mvula ikagwa kapena funde likakhavukira m'kati. Madzi onsewa amatsetserekera malo amodzi, pansi penipeni, kunsi kwa matabwa opondapo, pamene amalinyero amati bilge. Kuwachotsa ndi ntchito imene inayamba tsiku lomwe munthu anayamba kuyandama pamtengo wogoba. Koma pali ntchito yachiwiri, yosaonekera, imene yakhala ikuyendera limodzi ndi yoyambayo: kudziwa kuchuluka kwa madzi amene achotsedwa lero ndi kuwayerekeza ndi a dzulo. Mwini chombo chakale, makamaka choyendera matanga chimene thupi lake limapindika mphepo ikachikankha, sadabwa kuona madzi m'kati. Chimene amayang'ana ndi chakuti kodi madziwo achuluka kuposa mwa masiku onse, ndipo ngati achuluka, ayamba liti.

Boma la Chitipa lilibe nyanja. Lili pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,300, pamene Nyanja ya Malawi ku Karonga ili pa mamita osakwana 500, ndipo madzi aakulu amene anthu a kumeneko amawolokapo ndi mtsinje wa Songwe, umene ndi malire ndi Tanzania. Komabe mbiri ya zombo za m'nyanja za chigawo chino cha Afrika inadutsa m'boma limeneli pamitu ya amtengatenga, ndipo mmene zombozo zinayendera pamtunda ndi mmene zinalumikizidwira zikufotokoza chifukwa chake madzi a pansi pake ankafunika kuwayang'anira mosatopa.

Chiyambi cha zonse ndi bwato. Popeza limasemedwa kuchokera ku thunthu limodzi, lilibe molumikizira, koma limang'ambika kumutu ndi kumbuyo kumene mtengo unadulidwa, ndiponso pa mfundo pamene panali nthambi. Asodzi amatseka ming'aluyo ndi phula ndi nsanza, ndipo masiku ano amakhomerapo tizidutswa ta malata kapena ta pulasitiki. Chokapira kale chinali chikho kapena mtengo wogoba. Lero ndi chigubu chodula pakati. Chokapiracho ndicho chinali muyeso woyamba. Msodzi amene amapalasa bwato lomwelo tsiku ndi tsiku amadziwa kuti kuchoka pagombe kukafika pamene amaponya chilimira amakapa kangati. Tsiku limene wakapa mobwerezabwereza nyanja ili bata, safunika womuuza kuti penapake patseguka, ndipo akafika kumtunda amaligudubuza bwatolo n'kulifufuza. Palibe cholembedwa, koma nzeru yake ndi yomweyo imene sitima zikuluzikulu zinadzaiika m'mabuku: munthu wochotsa madzi ndiye woyamba kudziwa za thanzi la chombo. Nzeruyi ikufunika kwambiri tsopano kuposa kale, pakuti mitengo ikuluikulu yolimba ngati mbawa yasowa, ndipo mabwato ambiri akusemedwa ku mango ndi bulugamu, mitengo imene sichedwa kung'aluka ndi kuwola.

Zombo za matabwa zoyendera matanga zinafika panyanjayi ndi amalonda achiswahili. Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo zombo zake zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa, pa njira ya ku Kilwa. David Livingstone atafika kumeneko mu 1863 anapeza amisiri akukhoma chombo chatsopano pagombe. Chombo chotere chimasiyana ndi bwato pa chinthu chimodzi chachikulu: thabwa lililonse limakumana ndi linzake, ndipo mzere uliwonse wokumanirapo ndi khomo la madzi. Amisiri ankatseka mizereyi pokhomeramo thonje lonyika m'mafuta, ndipo matabwa akanyowa ankafufuma n'kufinya thonjelo. Choncho chombo chongotsitsidwa kumene m'madzi chimalowa madzi ambiri masiku oyamba, kenako n'kuchepetsa. Matabwa a m'mwamba, amene amakhala padzuwa, amauma n'kusiya mipata. Mwera ukawomba chombo n'kupendekera mbali imodzi, matabwa oumawo amamira ndipo madzi amalowa mwamphamvu. Woyendetsa wodziwa ntchito amasiyanitsa madzi a mtundu umenewu, amene amaleka chombo chikaweramuka, ndi madzi ochokera pansi pa msana wa chombo, amene saleka usana ndi usiku. Pa zombo za Jumbe madzi ankachotsedwa ndi manja, ndipo ntchito yokapa inali ya ulendo wonse.

Kunyanja zamchere zombo zinakula msanga kufika poti chokapira sichikanathandiza. Ctesibius wa ku Alexandria anapanga pampu yokankha madzi zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, ndipo olemba akale amati chombo chachikulu cha Syracusia chinkaphwetsedwa ndi chipangizo chozungulira cha Archimedes. M'nthawi ya zombo zazikulu za matanga za ku Ulaya, pampu wamba inali thunthu la mtengo loboola pakati, lokhala ndi ndodo ndi chikopa chokweza madzi. Zombo zankhondo zinalinso ndi pampu ya unyolo yopukusa amuna angapo. Chofunika kwambiri pa nkhani ino ndi mwambo umene unamera pambali pa pampuyo. Kalipentala wa chombo, kapena womuthandiza, ankatsitsa kandodo kachitsulo kokhala ndi zizindikiro m'chitsime cha pampu pa nthawi zoikika, n'kuwerenga pamene panyowa. Chiwerengerocho chinkaperekedwa kwa woyang'anira ulonda ndi kulembedwa m'buku la chombo: madzi akwera mainchesi angati pa ola, apopa nthawi yaitali bwanji. Mwa njira imeneyi kaputeni ankatha kuona kuti chombo chimene mwezi watha chinkapopedwa kamodzi patsiku tsopano chikupopedwa pa ulonda uliwonse.

Nkhani yodziwika ya chombo cha Endeavour ikusonyeza kuti muyeso ukasokonekera umanamiza. Usiku wa pa 11 Juni 1770 chombo cha James Cook chinagunda matanthwe a Great Barrier Reef kufupi ndi Australia. Mwa mapampu ake anayi, atatu okha ndiwo ankagwira ntchito, ndipo aliyense m'chombomo, ngakhale akuluakulu, ankapopa mosinthana. Pakati pa ntchitoyo munthu woyeza madzi anasinthana ndi mnzake. Woyambayo ankayeza kuyambira pa matabwa a m'kati, wachiwiriyo anayeza kuyambira pa matabwa akunja, ndipo zinaoneka ngati madzi akwera masentimita oposa 40 m'kanthawi kochepa. Anthu anataya mtima mpaka cholakwacho chitadziwika. Bowolo analitseka pokokera thanga lomatidwa ubweya ndi zingwe zosasantha kunsi kwa chombo. Kuyambira kale, tsono, lamulo la ntchitoyi ndi lakuti ayeze pamalo amodzi, mwa njira imodzi, pa nthawi zofanana; chiwerengero chimodzi pachokha sichinena kanthu.

Mwambo wa pampu ndi buku unafika pa Nyanja ya Malawi ndi amishoni. Sitima yoyamba ya Ilala, yotalika mamita pafupifupi 15, inamangidwa ndi kampani ya Yarrow ku London, ndipo inalowa m'nyanjayi pa 12 Okutobala 1875 motsogozedwa ndi E. D. Young, mkati muli mmishoni Robert Laws. Inali ya nthunzi koma inali ndi milongoti ndi matanga, pakuti nkhuni za boyila sizinkapezeka paliponse. Zitsulo za thupi lake zinalumikizidwa ndi mabawuti kuti izitha kumasulidwa: inalumikizidwa koyamba pamathiriro a Zambezi, n'kumasulidwa kumunsi kwa mathithi a Shire, n'kusenzedwa ndi anthu mazana ambiri, n'kulumikizidwanso kumtunda kwa mathithiwo. Chaka chotsatira Henry Cotterill anabweretsa Herga, ngalawa yachitsulo yoyendera matanga. Zombo zonse zachitsulo za m'badwo umenewu zinabwera motero, zidutswazidutswa, ndipo bawuti kapena riveti iliyonse ya kunsi kwa madzi inali malo amene tsiku lina akanayamba kudontha.

Apa ndipo pamene Chitipa ikulowa m'nkhaniyi. Mu 1881 James Stevenson, wamalonda wa ku Glasgow, anapereka mapaundi 4,000 kuti pamangidwe msewu wolumikiza kumpoto kwa Nyanja ya Malawi ndi kummwera kwa Nyanja ya Tanganyika, mtunda woposa makilomita 350. Cholinga chinali chakuti katundu wa amishoni ndi wa kampani ya African Lakes, imene anthu ankaitcha Mandala, aziyenda pamadzi kuchokera ku Zambezi mpaka ku Karonga, kenako pamtunda kukafika kunyanja inayo. Injiniya James Stewart ndiye anayamba ntchitoyo. Msewuwo unakwera mapiri a kumadzulo kwa Karonga n'kutulukira pachidikha cha m'dera la mfumu Mweniwanda, kumene amishoni a Livingstonia anatsegula siteshoni ya Chirenje mu 1882. Stewart anamwalira ndi malungo mu 1883 ntchito ili mkati, ndipo William McEwan amene anamulowa m'malo anamwaliranso mu 1885. Gawo lochepa lokha ndilo linalambulidwa mokwanira. Kwinako Stevenson Road inali njira ya miyendo yokhala ndi dzina lalikulu pamapu. Dzinalo linagwira ntchito yake ndithu: pa mgwirizano wa Britain ndi Germany wa 1890 malire anadulidwa mosiya msewuwo kumbali ya Angerezi, ndipo m'zaka zotsatira boma la atsamunda linamanga Fort Hill panjirapo, dzina lokumbukira Clement Hill wa ku Foreign Office. Fort Hill ndiyo Chitipa ya lero.

Katundu wamkulu woyamba kudutsa njirayi anali chombo. Bungwe la London Missionary Society linkafuna sitima pa Nyanja ya Tanganyika, ndipo linaitanitsa Good News, imene m'Chiswahili inkatchedwa Habari Njema, yotalika mamita pafupifupi 16, yachitsulo, ya milongoti iwiri ndi injini ya nthunzi. Zidutswa zake zinafika ku Quelimane mu 1883, zinakwera Zambezi ndi Shire, zinawoloka nyanja pa Ilala mpaka ku Karonga, ndipo kuchokera pamenepo kampani ya Mandala, motsogozedwa ndi Fred Moir, inazisenzetsa anthu kudutsa kwa Mweniwanda kulowera kumadzulo. Mtolo wa munthu mmodzi pa maulendo otere unkalemera makilogalamu pafupifupi 25, malipiro ake nsalu. Zitsulo zazikulu zinkapachikidwa pamtengo n'kunyamulidwa awiriawiri kapena kuposa. Mayina a anthu amene anasenza sitimayi m'mitsetse ya Karonga sanalowe m'mabuku a amishoni monga analowera a Edward Hore, Arthur Swann ndi James Roxburgh, amene anailumikiza m'mphepete mwa mtsinje wa Lofu, umene lero umatchedwa Lufubu, m'dziko la Zambia. Inatsitsidwa m'madzi pa 3 Malichi 1885, ndipo Roxburgh anamwalira chaka chomwecho. Popeza zipangizo zina za injini zinachedwa panjira, Good News inayamba moyo wake ngati chombo cha matanga, ndipo inayenda ndi nthunzi mu 1887. Pambuyo pake inagulitsidwa kwa a Mandala, ndipo chigoba chake chinatsala pagombe la Kituta, kufupi ndi Mpulungu.

Chitsulo chopyapyala chimene chayenda mtunda wotere pamitu ndi pamapewa, kutulidwa pamiyala madzulo alionse, sichifika chowongoka monga chinachokera kufakitale. Amisiri amachiwongola ndi nyundo, amalinganiza mabowo, amatenthetsa riveti pamoto n'kuikhoma isanazizire, pakuti ikamazizira imafupika n'kukoka zitsulo ziwirizo pamodzi. Kenako m'mphepete mwa chitsulo chapamwamba amagogodamo ndi tchizulo chobuntha kuti mpata utsekeke. Ntchito yotere ikachitikira kutchire, ndi anthu ochepa odwaladwala malungo, mizere ina imatuluka yolimba, ina yongokwanira. Mzere wofooka sudziulula tsiku loyamba. Umayamba ndi chinyezi, kenako kadontho, kenako dzimbiri limadya m'mbali mwa riveti, ndipo chombo chikamenyedwa ndi mafunde kwa zaka zingapo kadonthoko kamasanduka kamtsinje. Njira yokha yodziwira zimenezi chombo chili pamadzi inali ija ya kalipentala: kuyeza m'mawa ndi madzulo, ndi kuwerenga kuti mkono wa pampu wakwezedwa kangati madzi asanathe.

Sitima ya Chauncy Maples ya mishoni ya UMCA inaonetsa vuto lomweli pa msinkhu waukulu. Inamangidwa ku Glasgow mu 1899 n'kutumizidwa m'zidutswa 3,481. Manambala olembedwa pa zidutswazo anafufutika pamene zitsulo zinkakutidwa ndi zinki, ndipo amisiri anatha zaka ziwiri akufananiza chidutswa ndi chidutswa asanaitsitse m'madzi mu Juni 1901. Kuti sitimayi inagwira ntchito zaka zambirimbiri pambuyo pake, poyamba ya mishoni, kenako ya boma kuyambira 1953, ndi umboni wa mmene madzi opanda mchere amalekerera chitsulo, komanso wa chizolowezi choikokera kumtunda nthawi ndi nthawi kukaona kunsi kwake. Chizolowezi chomwechi ndicho chinapezetsa sitima ya Germany ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhafen, ku Liuli ya lero, mu Ogasiti 1914, pamene sitima ya Angerezi ya Guendolen, ya kaputeni Rhoades, inafika n'kuiwombera nkhondo yoyamba ya padziko lonse itangoyamba.

Pali malire a zimene kuyang'anira pampu kungathe, ndipo ngozi ziwiri za panyanjayi zikuwaonetsa. Mu Sepitembala 1895 Bishopu Chauncy Maples, amene sitima ija inatengera dzina lake, anamira pamene ngalawa yachitsulo ya matanga yotchedwa Sherriff inagubuduzika ndi mphepo usiku akupita ku Likoma. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, yatsopano, inagubuduzika ndi mafunde kufupi ndi Florence Bay, ku Chitimba, ndipo anthu 145 anafa. Pa ngozi zonse ziwirizi madzi analowera kumwamba, ambiri nthawi imodzi, ndipo palibe pampu imene ikanawagonjetsa. Masamu ake ndi osavuta. Bowo la mamilimita 25, lili masentimita 30 kunsi kwa madzi, limalowetsa malita oposa 40 pa mphindi, ndiye kuti ndowa ziwiri zodzaza. Bowo lomwelo likazama kanayi, madziwo amawirikiza kawiri, ndipo chombo chikamalemera bowolo limanka lizama. Phindu la kuwerengera lili pa kudontha kwapang'onopang'ono, kumene kumapatsa munthu masabata kapena miyezi yoti akonze.

Kusintha kwakukulu kunadza m'zaka za m'ma 1960, pamene ngalawa za matanga za fiberglass zinayamba kuchuluka ndipo mapampu ang'onoang'ono a magetsi a batire, omizidwa m'madzi momwemo, anatsika mtengo. Pambali pa pampu yotere pamakhala kachipangizo koyandama. Madzi akakwera kamakwera nawo n'kuyatsa pampu, akatsika kamaizimitsa. Ntchito yotopetsa ija inatha, koma pamodzi nayo panatha chinthu china chimene palibe anachiganizira: munthu wodziwa kuti madzi achuluka. Mwini ngalawa amabwera Loweruka, amatukula thabwa, amapeza pansi pali pouma, amakhutira, osadziwa kuti pampu yakhala ikuyaka kambirimbiri sabata yonse. Zili ngati nyumba yodontha imene wina amakhuthula beseni usiku uliwonse mwininyumba ali mtulo: denga likuwola, koma pansi pakuoneka bwino. Mapeto ake amabwera tsiku limene batire latha, kapena kachinyalala katsekereza choyandamacho. N'chifukwa chake makampani a inshuwalansi ku America, atawerenga madandaulo a makasitomala awo, anapeza kuti ngalawa zambiri zomira zimamira zili chomangirira padoko, osati pakati pa namondwe.

Yankho lake linali kubwezeretsa buku la kalipentala mwa njira ina. Kamakina kowerengera kamalumikizidwa ku waya wa pampu, ndipo kamawonjezera nambala imodzi nthawi iliyonse pampu ikayaka. Kena kamasunga mphindi zonse zimene pampu yagwira ntchito. Ndipo zipangizo za masiku ano zimatumiza uthenga pafoni pampu ikayaka mopitirira muyeso. Ziwerengero ziwirizi, kangati ndi kwa nthawi yaitali bwanji, zimafunika zonse. Pampu imene imatulutsadi malita 30 pa mphindi, ikamayaka theka la mphindi kanayi patsiku, ndiye kuti chombo chikumwa malita 60. Ikafika poyaka ka 12, ndi malita 180, ngakhale kuti pansi pakuonekabe pouma. Mawu akuti imatulutsadi ndi ofunika, pakuti nambala yolembedwa pabokosi la pampu imayezedwa popanda paipi ndiponso popanda kukweza madzi. Ikaikidwa m'chombo, pa batire lofooka ndi paipi yaitali yokhotakhota, imatha kutulutsa theka lokha. Amene akufuna chiwerengero choona amatchera ndowa potulukira madzi n'kuyang'ana wotchi.

Kuwerenga zimene kamakinako kakunena kumafuna nzeru yofanana ndi ya woyendetsa chombo cha Jumbe uja. Nambala ikakwera pambuyo pa mvula yokha, vuto lili kumwamba: pazenera, patsinde pa mlongoti, pamene zingwe zachitsulo zogwira mlongoti zalowera m'denga la chombo. Ikakwera injini ikamayenda, malo oyamba kuona ndi pamene shafiti ya pulopela yadutsa m'thupi, pakuti chotsekera chake chachikale chimayenera kudontha madontho ochepa pa mphindi kuti chisatenthe, ndipo chikatha madonthowo amasanduka mzere. Ikakwera chombo chikapendekera kumanja koma osati kumanzere, bowo lili mbali ya kumanja, pamwamba pang'ono pa mzere wa madzi. Ikakwera pambuyo poyenda m'mafunde aakulu n'kusatsikanso, pamakhala poopsa kwambiri, chifukwa zimenezi zimaloza ku mabawuti ogwira chitsulo cholemera cha kunsi kwa chombo, kapena ku tsinde la tsigiro. Palinso chinyengo chimodzi chofala: pampu ikazima, madzi otsala m'paipi amabwerera pansi, amakweza choyandama, pampu n'kuyakanso, ndipo kamakinako kamawerenga mazana pamene chombo sichikulowa madzi n'komwe. Chizindikiro chake ndi kuyaka kwa timasekondi tochepa, motsatizana mofanana.

Amalinyero a kunyanja zamchere ali ndi njira yachidule: amalawa madziwo, ndipo akakhala amchere achokera kunja, akakhala opanda mchere ndi a mvula kapena a m'thanki yakumwa. Pa Nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika lilime silithandiza, pakuti onse ndi amodzi. Pamafunika kuphwetsa pansi ponse ndi nsanza, kutseka thanki, kuwaza ufa wa choko kapena kuyala mapepala ouma mozungulira malo okayikitsa, ndi kubwera patapita ola kudzaona kumene mzere wonyowa wayambira. Madzi opanda mchere ali ndi chipongwe chinanso. Mulibe nyongolotsi zoboola matabwa zimene zinawononga zombo za Christopher Columbus mpaka kuzisiya pagombe la Jamaica mu 1503, koma ndi m'madzi otere, ofunda ndi osayenda, mmene matabwa amawolera msanga. Madzi osiyidwa pansi pa ngalawa yamatabwa kuti matabwa asaume amadyanso nthiti zake mwakachetechete.

Choopsa chachikulu pa chombo chakale ndi kuzolowera. Chiwerengero chikamakwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka, anthu amasuntha nacho chimene amachitcha zamasiku onse. Chombo chamatabwa cha Bounty, chomangidwa mu 1960 kaamba ka filimu, chinkadziwika kuti chimalowa madzi ndipo chinkapopedwa kawirikawiri. Chili kokonzedwa mu 2012, amisiri anapeza nthiti zowola, koma chinanyamuka ulendo, n'kukumana ndi namondwe wa Sandy. Mapampu analephera kupikisana ndi madzi, ndipo chinamira pa 29 Okutobala 2012 kufupi ndi North Carolina; anthu awiri, kuphatikizapo kaputeni, anataya moyo. Ubwino wa buku lolembedwa ndi wakuti silizolowera: nambala ya chaka chatha imakhalabe pamenepo kuti iyerekezedwe ndi ya lero.

Pa Nyanja ya Malawi masiku ano mibadwo yonse ya ntchitoyi ikuyenda pamodzi. Ilala yachiwiri, yomangidwa ndi Yarrow ku Scotland mu 1949 n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, yakhala ikuyenda kuyambira 1951 mpaka ku Chilumba, doko limene munthu wa ku Chitipa amalifika akatsika msewu wa makilomita pafupifupi 100 wopita ku Karonga n'kukhotera kummwera. Sitima ngati imeneyi ili ndi zipinda zotsekeka zosalola madzi kudutsa, mapampu oyendera injini, ndi ndondomeko yoyeza chipinda chilichonse, ndipo nthawi zina imakwezedwa pa doko loyandama la ku Monkey Bay, komwenso kuli sukulu yophunzitsa za pamadzi. Pakati pa Likoma, Chizumulu ndi gombe la Mozambique pakuyendabe zombo zamatabwa za thanga limodzi, ndipo mmenemo mnyamata wa chigubu akadali pantchito. Ngalawa zamatabwa za asodzi, zonga zimene zimakhomedwa ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, zambiri zimakapidwanso pamanja. Mapampu odziyatsa okha amapezeka makamaka pa ngalawa zonyamula alendo ndi pa ngalawa zochepa za matanga za anthu kapena makalabu, zimene nthawi zambiri zimakhala pa nangula masabata angapo popanda munthu, batire lake likudalira sola. Pa ngalawa zotere nyengo yovuta ndi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi: mvula imene imachulukitsa ntchito ya pampu imabwera ndi mitambo imene imachepetsa mphamvu ya sola, kotero batire limafooka pa nthawi imene likufunika kwambiri. Eni ake osamala amawerenga kamakina kowerengera kamodzi pasabata m'miyezi imeneyi, amalemba nambalayo pamodzi ndi masiku amene kunagwa mvula, amatukula choyandama ndi chala kuti aone ngati pampu ikuyaka, ndipo amasungabe m'chombo pampu yamanja ndi ndowa.